Nyenyezi zitatu, ndipo ziwirizo ndi za bambo osesa gombe

Ndimafuna ndipereke nyenyezi imodzi basi, mtima utakhala pansi ndaonjezera, koma ndifotokoze kaye zomwe zinachitika chifukwa makolo ambiri mukumasankha malo ogona alendo a kunyanja ku Mangochi amenewa poona zithunzi za akatungwe ndi kadziwe ka ana kaja.

Tinapita weekend ya Mothers' Day, ine, bambo a kunyumba ndi ana atatu, wamkulu wa zaka 7, wachiwiri wamkazi wa zaka 4 ndi khanda loyamwa. Mtengo wa nthawi imeneyi mukuudziwa kale, 15 October ikamayandikira malo onse kuyambira Mangochi boma mpaka Monkey Bay amakweza, ife sitinadandaule poti anatiuza kuti ndi malo a mabanja, chaleti yathu idzakhala kumbali yopanda phokoso. Dipoziti tinatumiza pa Airtel Money kukadali nthawi. Tatsika Khwekhwerere kufika pa Golomoti, wachiwiriyu atasanza m'makona muja, amene ana anu sachedwa kuchita chizungulire musawadyetse tchipisi pa Dedza. Tafika ku risepushoni thukuta lili kamukamu, mtsikana wake maso pa foni osadzutsa ndi mutu omwe, amvekere chaleti yanu muli anthu a workshop atuluka Lolemba. Anatipatsa chipinda choyang'anizana ndi bala, ndalama yake yomweyo.

Zimenezo ndikanazipirira. Chomwe chandilembetsa ndi cha Loweruka masana.

Cha m'ma 11 kunayamba kufika ma coaster a anthu olipira pa geti ongodzacheza tsiku limodzi. Sindikudana nawo ayi, nyanja ndi ya tonse ndipo tsiku la anakubala aliyense amafuna akawasangalatse mayi ake. Vuto ndi loti malowa amangolowetsa anthu opanda malire bola ndalama ikulowa, nde DJ anakoka ma speaker nkuwaika m'mphepete mwenimweni mwa swimming pool moti munthu ali pambali pako umachita kumukuwira m'khutu. Tsono kadziwe ka ana kamene mumakaona pa chithunzi si kapadera, ndi mbali chabe ya dziwe lalikulu, chosiyanitsa ndi kakhoma kobisika m'madzi koterera ndi ndere, ukangodutsa pamenepo madzi amamufika munthu wamkulu m'khosi. Palibe chingwe, palibe mpanda, lifeguard palibe ngakhale m'modzi pa tsiku ngati limenelo.

Mwana wanga wachiwiri uja amasewera kosayako, madzi akumulekeza m'chiuno, ine nditakhala pamphepete pomwepo ndikuyamwitsa maso ali pa iye. Bambo ake anali atamuperekeza wamkuluyu kuchimbudzi. Anyamata akuluakulu mabotolo ali m'manja anabwera akuthamangitsana nkudumphira kumbali ya anako, m'modzi anamugunda ndi phewa, mwana nkugwera kuseri kwa kakhoma kaja. Abale, mwana akamamira sakuwa. Ndinangoona timanja tiwiri m'mwamba ndi mikanda ya m'tsitsi lake ikulowa pansi. Ndinakuwa ndi mphamvu zanga zonse koma nyimbo zinameza mawu anga, anthu odzaza m'madzimo palibe amene anacheuka, anyamata aja anali atapitirira kale akuseka. Ine kusambira sinditha, m'manja muli khanda. Ndikuti ndilitule pansi ndidziponye ndekha, ndinangomva khuvu! munthu wadumphira ndi ovolosi ndi majombo omwe.

Anali bambo amene amasesa gombe m'mawa, achikulire ndithu imvi zili mbuu, amadutsa ndi wilibala ya zinyalala. Anamuvuula nkumugoneka chammbali pa simenti, mwana anakhosomola, kusanza madzi, kenako kuyamba kulira. Ine ndikunjenjemera ndikufuna kumunyamula iwo amvekere, mayi dikirani pang'ono, musiyeni atulutse kaye. Atatha anati, pitani naye kuchipatala lero lomwe musadikire mawa, nthawi zina mwana amaoneka bwino kenako nkudzayamba kubanika usiku. Anatilondolera okha njira ya ku chipatala cha Monkey Bay chifukwa ku risepushoni nditafunsa bokosi la first aid anayamba kufunsana kuti kiyi ali ndi ndani. Kuchipatala anamupima m'chifuwa nkutiuza kuti ali bwino koma tizimumvetsera kapumidwe usiku wonse, nde usiku umenewo tulo sindinatione, dzanja langa lili pamsana pa mwana, kunja bala ikuphulika mpaka m'bandakucha.

Tsopano amanijala. Anatulukira patapita nthawi anthu atabalalika kale, ndipo mawu awo oyamba sanali ofunsa kuti mwana ali bwanji. Anandilozera kachikwangwani kozilala kolembedwa swim at your own risk, amvekere madam, ana ndi udindo wa makolo. Ndinawafunsa kuti nanga anthu oledzera odumphira kumbali ya ana ndi udindo wa ndani, nanga nyimbo zoti kholo likuwe osamveka anaziika pamenepo ndi ndani, sanandiyankhe, anatembenukira bambo aja ali chiimire madzi akuchucha nkuwakalipira pamaso panga kuti asiyiranji wilibala panjira ya alendo. Munthu wausinkhu wa bambo awo. Bambo a kunyumba ndi munthu wosakonda zoyankhula koma tsiku limenelo ndinachita kuwagwira mkono. Nyimbo sanachepetse olo pang'ono, anyamata aja sanatulutsidwe, madzulo ndinawaona ali pa bala pompo. Zimenezi sindidzaiwala, ndipo eni malowa ngati mumawerenga ndemangazi dziwani kuti munthu amene mwamuika patsogolo akukuonongerani dzina, amene akukusungirani dzina ndi amene mumawalipira zochepa.

Kafoni ka bambo aja kamabatani kanali m'thumba la ovolosi, kanafera m'madzimo ndipo sanatchule nkomwe, ndinachita kumva kwa mlonda. Pobwera kuchipatala tinawagulira kena pa Monkey Bay, anakalandira ndi manja awiri nkufunsa kuti kodi mwana wadya.

Lamlungu m'mawa ndinadzuka ndikulongedza kuti tizipita, koma ana anakana, ndipo ndinene zoona kuti ma coaster aja atachoka malowa anasanduka ena. Nyanja ili phee, mchenga woyera bwino atausesa kale, ndipo gombe lake limatsika pang'onopang'ono moti mwana amayenda kamtunda madzi akadali m'mawondo, kwa ine kunyanjako kunali kotetezeka kuposa dziwe lawolo. Gombe linachepa chikwerereni madzi mu 2024, zithunzi zomwe akuonetsa ndi zakale, koma posewera ana palipo pokwanira komanso pali mitengo ya mthunzi, chinthu chofunika kwambiri mu October ku Mangochi chifukwa ikamakwana 10 koloko mchenga umaotcha mapazi, nsapato za pulasitiki musaiwale. Kumapeto kwa gombe kumanja kuli bango ndi madzi odikha, kumeneko ana asapiteko, nkhono zofalitsa likodzo zimakonda malo otero. Ife pakatha miyezi iwiri tikayezetsa tonse, mankhwala ake praziquantel amapezeka, likodzo limabisala mwana nkudzayamba kukodza magazi inu mutaiwala kale za ulendowo.

Kukhitchini nako kuli mayi wina amene anandigwira mtima. Chakudya cha m'mawa pa menyu ndi mazira, soseji ndi buledi basi, zomwe wachiwiri wangayu atadwala chonchi sakanadya. Ndinangofunsa mwamwayi ngati kuli phala, mayiwo amvekere pa menyu palibe koma dikirani, pasanathe nthawi anabwera ndi phala la mgaiwa lotendera nsinjiro, lina lamadzimadzi padera, ndipo m'mawa wotsatira anaphika osawauza. Pa bilu silinalembedwe. Zakudya zina ndi zabwino koma zimachedwa kwambiri, ukaitanitsa chambo ukhoza kudikira kupitirira ola, ndi ana anjala mukudziwa mmene zimakhalira, nde itanitsani musanalowe m'madzi. Kwa ana ang'ono tengani kampango, chambo minga yake imavuta. Mipando yodyera makanda alibe. Akatungwe alipo awiri koma m'modzi unyolo unaduka anangomangirira ndi waya.

Zipinda ndi zaukhondo, maneti ndi athunthu opanda zibowo ndipo amakwana bedi lonse, pamenepo ndiwayamikire chifukwa udzudzu kumeneku si nkhambakamwa. Koma magetsi akazima jenereta imapatsa bala ndi khitchini zokha, fani ya kuchipinda imaima, khanda langa linatuluka timatuza ta thukuta m'khosi monse. Funsani zimenezi musanalipire.

Chimene ana akukambabe mpaka pano ndi ulendo wa boti. Anatilumikiza ndi achimwene ena a ku Cape Maclear, tinayenda pagalimoto kukhotera msewu wa m'mapiri uja usanafike Monkey Bay, anyani ali mbwee m'mbali, tsekani mawindo ngati ana agwira chakudya. Achimwenewa anali ndi ma life jacket a saizi ya ana enieni, osati aakulu omangirira ndi chingwe, ndipo anakanitsitsa kuti khanda likwere poti lake panalibe, nde ine ndinatsala kumtunda, sindinakwiye nkomwe, pambuyo pa za Loweruka zija munthu wokana chonchi ndi amene ndimamufuna. Anapita nawo ku chilumba cha Thumbi, m'kati mwa Lake Malawi National Park, pamakhala kandalama kolowera ka paki. Wamkuluyu anabwera pakamwa posatseka, ati timbuna tabuluu ndi tachikasu timadya nyenyeswa za buledi m'manja mwake, ati achimwene aja anaimba likhweru nkuponya nsomba, nkhwazi inatsika mumtengo nkuitola pamadzi ndi zikhadabo. Wachiwiriyu amene dzulo lake amaopa ndi beseni lomwe anaviika mapazi ali pamwendo pa bambo ake. Pobwerera tinaima pa manda a amishoni a Livingstonia amene anafika pamenepa mu 1875, malungo atawavuta anasamukira ku Bandawe, mwana wa sitandade 2 anamvetsa yekha chifukwa chomwe ndimalimbana naye zogona mu neti.

Nde amene mukufunsa ngati malowa ndi abwino kwa ana ang'ono, yankho langa ndi loti zitengera tsiku. Pakati pa sabata kapena weekend wamba ndikhoza kubwereranso, chifukwa cha gombe, maneti ndi antchito apansiwa. Pa Mothers' Day, Khirisimasi kapena Isitala musayerekeze ngati muli ndi mwana wosatha kusambira. Ndipo kaya mukupita kuno kaya ku Senga Bay kaya ku Chintheche, musakhutire ndi mawu oti family, auzeni akutumizireni vidiyo ya dziwe la ana kuti muone ngati ndi lapadera, afunseni ngati amalowetsa anthu a pa geti ndipo amalekeza angati, ndani amayang'anira madzi, nyimbo zimatha nthawi yanji, ndipo nambala ya chaleti yanu ailembe pa risiti.

Ponyamuka amanijala aja analonjeza kuti atibwezera ndalama yosiyana pakati pa chaleti yomwe tinalipira ndi chipinda chomwe anatipatsa. Mpaka lero sinabwere, pa WhatsApp amangowerenga osayankha.