Ulendo wa mbiri ya Count Rumford ku Englischer Garten, Munich: nyenyezi zinayi

Ngati muli ku Munich ndipo mumakonda mbiri yakale, ndalama ya ulendo woyenda pansiwu siiwawa. Amene ankatitsogolera anali mayi achikulire, Chingerezi chawo chomveka bwino, ndipo anatiyambitsira pa chipilala cha Rumford chakummwera kwa paki ya Englischer Garten.

Mwini nkhani ndi Benjamin Thompson, wobadwira ku Woburn, Massachusetts, ku America, mu 1753. Anzake atagalukira mfumu ya ku Britain, iye anakakamira kwa mfumuyo, ndipo mu 1776 anathawira ku London. Nkhondo itatha mu 1783, mbali yake itagonja, kwawo kunalibenso pokhala. Mayiwa apa anafotokoza mokoma zedi mmene mkuluyu anakayambiranso moyo ku Bavaria, dera lomwe kuli Munich, pansi pa wolamulira wake Karl Theodor: anakonza kadyedwe ndi kavalidwe ka asilikali, mu 1789 nkuyambitsa paki yomwe tinkapondayi. Dzina laulemu loti Count Rumford analitenga ku tauni ya Rumford, imene lero ndi Concord, ku New Hampshire. Komwe ankakhala asanathawe kuja!

Tinaima kanthawi pa nsanja yotchedwa Chinesischer Turm kumva za supu wa Thompson wa anthu osauka, wa balere, nsawawa ndi mbatatesi. Za 1798, pomwe anaonetsa kuti kutentha kumabwera ndi kukhulana kwa zitsulo poboola mizinga, mayiwa anangozilambalala. Ine nzomwe ndinkazidikira.

Nyenyezi yachisanu ndaimana chifukwa mayiwa anamuyeretsa Thompson mopitirira. Zoti ankachita ukazitape nkumapereka zinsinsi za anzake kwa General Gage, mkulu wa asilikali a Britain, sanazitchule mpaka bambo wina wa ku America atafunsa. Zoti pothawa anasiya mkazi wake Sarah, mayi wamasiye wolemera amene chuma chake ndicho chinamukweza, pamodzi ndi mwana wakhanda, anangoti "zinali nthawi zovuta", basi. Mkaziyo sanamuonenso mpaka imfa. Ngakhale nkhani ya pa 1 January 1790, pomwe asilikali anagwira opemphapempha onse a mu Munich nkuwaika m'nyumba yosokera mayunifolomu, anaikamba ngati chifundo chokhachokha. Chakudya ankawapatsadi, koma anthuwo sanapiteko mwa kufuna kwawo. Munthu walipira kuti amve moyo wa Thompson, amve wonse. Ndiye kuti kuchenjera kwake kumaonekanso bwino.

Zinazo nzazing'ono. Mayiwa analibe chimkuzamawu, choncho pa kamtsinje ka Eisbach, pomwe anyamata amasewera pa mafunde, amene tinali kumbuyo sitinamve kanthu. Za Royal Institution, bungwe la sayansi limene Thompson anathandiza kukhazikitsa ku London mu 1799, ndi imfa yake ku Auteuil pafupi ndi Paris mu 1814, anazinena mothamanga nthawi itatha kale.

Valani nsapato zophwatalala chifukwa njira zambiri nzamiyala, ndipo imani kutsogolo kuti mafunso anu awamve. Ana aang'ono angatope msanga.