Swichi ya pulesha ilibe mlandu, mlandu uli ndi amene anaimanga

Ndikunena za swichi ya pulesha ija ya kabokosi kakuda, yoyatsa pampu mphamvu ya madzi (pulesha) ikatsika pa 1.4 bar n'kuzimitsa pa 2.8 bar, imene mashopu a ku Down Shops amagulitsa pamodzi ndi pampu zokankhira madzi m'nyumba. Iyi ili pa pampu ya 0.75 kW ndi thanki yampweya ya malita 24, ndipo madzi akuchokera m'thanki yaikulu yodzazidwa ndi borehole kuno ku Chipata. Kuwonjezera pa mtengo wake, womanga anatenganso ndalama yake pambali. Yagwira ntchito miyezi 7 tsopano.

Mwezi wachinayi pampu inangoti zii. Malaiti alipo, breaker ili m'mwamba, thanki yodzaza, koma mipope yonse gwa. Shopu inatuma mnyamata yemwe uja anaimanga. Anagwira mota ndi dzanja, kuinunkhiza, basi. "Abwana, mota yapsa iyi, malaiti a masiku ano ndi otero. Bwerani kushopu, yatsopano ilipo." Nditafunsa za galanti anati galanti sikhudza zopsa ndi malaiti. Tesita analibe m'thumba. Chivundikiro cha swichi, chimene chimagwidwa ndi sikuluu imodzi yokha, sanachikhudze n'komwe. Ichi ndicho chikundiwawa mpaka lero, chifukwa munthu wosadziwa akanalipira pampu yonse pamene vuto lake n'la mtengo wa buledi.

Mota yopsa imanunkha vanishi wopserera, ndipo kawirikawiri imagwetsa breaker. Iyi inali yozizira, yopanda fungo lililonse. Geji ya pulesha inali pa ziro. Nditazimitsa breaker n'kuchotsa chivundikiro, timano tamkuwa togunditsa moto tinali totseguka. Apa ndiye pali nkhani yonse. Pulesha ikatsika kufika pa 1.4, sipulingi imayenera kugunditsa timanoti kuti mota ilandire moto. Geji ikamanena ziro koma timano tili yasa, ndiye kuti swichi sikumva kuti madzi atha mphamvu, ikuyesabe kuti paipi ndi yodzaza. Swichi imamva pulesha kudzera pa kabowo kamodzi kapansi pake, ka kota inchi, kamene kamafika pa kalabala kokankha sipulingi. Kabowoko kakatsekeka, pulesha yakale imatsekeredwa mkati ndipo pampu siiuzidwa kuti idzuke.

Nditamasula swichi, zonse zinaonekera poyera. Mnyamata uja anailumikiza ndi kapaipi kachitsulo kakale, kotoledwa sindikudziwa kuti, ndipo anakulunga tepi yoyera yambirimbiri mpaka inalendewera pakamwa pa bowo. Dzimbiri, timchenga ta m'borehole ndi nyenyeswa za tepiyo zinaumbana n'kukhala chotseka cholimba chofiirira, moti msomali unachita kulowa mokakamiza. Kapaipi katsopano kamkuwa, tepi yozungulira katatu kapena kanayi kuyambira pa mzere wachiwiri wa mazinga kuti pakamwa pakhale poyera, kutsuka kabowo ka swichi ndi kawaya kofewa mosamala kuti kalabala kasabooke, pampu inadzuka nthawi yomweyo. Mota imene akuti yapsa ija ikuzungulira mpaka lero.

Anzanga amene muli ndi swichi yamtundu uwu, pampu ikaima yambani mwayang'ana geji ndi madzi a m'thanki. Kenako gogodani pang'ono kapaipi kapansi pa swichi ndi chigwiriro cha sikuludiraiva. Pampu ikadzidzimuka n'kuyaka, mota ili bwino, vuto lili pa bowo kapena pa timano. Musanalowetse chala m'kabokosi zimitsani breaker ndipo tsimikizani ndi tesita, pakuti muli 230 volts ndipo pamalo pa pampu pamakhala ponyowa. Ena amagunditsa timano ndi kamtengo moto uli woyaka. Ine sindingakulangizeni zimenezo.

Mukapeza timano togundana koma mota ili chete, yezani ndi multimeter, kamakina koyezera magetsi. Mawaya ochokera ku breaker akaonetsa 230 koma opita ku mota alibe kanthu, timano tapsa kapena pali chotchinga pakati. Nthawi zambiri ndi nyerere. Zimakonda kabokosi kofunda aka, makamaka mvula ikamayamba mu Novembala, ndipo zimafera pakati pa timano mpaka mitembo yake kutchinga moto. Moto uli wozima, chotsani ndi kabulashi kouma, palani timano pang'ono ndi sandipepala yosalala. Koma tikakhala takuda ndi tokumbika, kupala n'kongopitirira nako sabata, gulani swichi ina. Moto ukakhala mbali zonse ziwiri ndipo mota ikungolira kuti mmm osazungulira, zimitsani msanga. Pamenepo swichi yachita mbali yake, kayang'aneni capacitor, kachida kothandiza mota kuyamba kuzungulira, ndipo yogula ikhale ya ma microfarad omwewo olembedwa pa yakale. Mota ikakhala yotentha kwambiri, mwina yadziteteza yokha ndipo idzayakanso ikazizira, koma funsani chimene chaitenthetsa: malaiti ofooka kapena kuzungulira popanda madzi.

Tsiku limene pampu inaima lija ndinali wokonzeka kuitaya swichiyi kudzala n'kulemba kuti musagule. Koma chilungamo n'chakuti chiikireni kapaipi katsopano sinaphonyepo. Imayatsa pa 1.4, kuzimitsa pa 2.8, monga analembera, ndipo timano take tikadali towala. Malaiti akapita n'kubwera imadziyambira yokha osafuna kuti wina akadinize batani. Mulibe kabodi ka magetsi mkati koti kangapse moto ukabwera mwamphamvu, muli sipulingi ndi kalabala basi, n'chifukwa chake munthu angaikonze ndi sipanala.

Zofooka zilipo ndithu. Mabowo olowera mawaya ndi aakulu, ndipo ngati womanga sanamange bwino zofinyira waya, nyerere zimalowa ngati kwawo. Matani mipata ndi silicone. M'bokosi munalibe kapepala ka malangizo, ndipo kushopu palibe anatchula kuti swichi iyi siteteza pampu madzi akatha. Thanki yaikulu ikauma, pulesha sifika pa 2.8, choncho mota imangozungulira mpaka seal, chotchinga kuti madzi asadonthe m'pampu, itapsa. Kuno mu Okutobala, madzi a pansi akatsika, zimenezi si nkhambakamwa. Ikani float switch, swichi yoyandama yozimitsa pampu madzi akatsika, m'thanki yaikulu, kapena funani swichi yokhala ndi kandodo pambali, imene imadula moto pulesha ikagweratu. Yotereyo dziwaninso kuti ikadula siyaka yokha, mumagwira kandodoko mpaka geji itakwera, ndipo ambiri amayesa pampu yafa pamene swichi yangodziteteza.

Chinanso chimene mnyamata uja sanayeze ndi mpweya wa m'thanki ya malita 24. Uyenera kukhala wocheperako ndi 0.2 bar poyerekeza ndi pamene swichi imayatsira, ndiye kuti 1.2 bar pa swichi iyi. Poyeza zimitsani pampu, tsegulani mpope madzi onse atuluke, kenako ikani geji ya matayala pa valavu ya kumbuyo kwa thanki. Pampu ya njinga imakwana kuwonjezera. Mukadina valavu n'kutuluka madzi, chikhodzodzo chamkati chang'ambika. Thanki yopanda mpweya imachititsa pampu kuyaka n'kuzima masekondi angapo alionse, mumamva kuti tha, tha, tha, ndipo chimenecho ndicho chimawotcha timano msanga, anthu n'kumanena swichi.

Manati awiri amkati mwa swichi musawapotoze mwachisawawa pofuna kudzutsa pampu. Yaikulu imakweza kapena kutsitsa poyatsira ndi pozimitsira pamodzi, yaing'ono imasintha mpata wa pakati pake. Mukamanga yaikulu kwambiri kupitirira mphamvu ya pampu, sidzazimanso. Potozani kamodzi, tsegulani mpope, onani geji, lembani musanapitirize.

Swichi ndikuipatsa nyenyezi zinayi, ndipo ndingaigulenso. Shopu ndikuipatsa imodzi. Nditabwerera ndi kapaipi kotsekeka kaja m'dzanja kukawaonetsa, mwini wake anakatembenuza kawiri, n'kunena kuti madzi a kwathu ndiwo oipa, kenako anandifunsa ngati ndikufuna fyuluta. Fyuluta ya mchenga ndinagula kwina, ndipo ndaiika pakati pa borehole ndi thanki yaikulu.