Ezetimibe ndi simvastatin m'piritsi limodzi: zomwe ndaona patapita miyezi yambiri

Papita miyezi yambiri ndikumwa piritsi lophatikiza mankhwala awiri, ezetimibe ndi simvastatin, ndipo tsopano ndili nazo zoti ndinene. Ntchito imene adokotala anandipatsira yatheka: kolesterolo (mafuta a m'magazi) woipa uja amamutcha LDL watsika ndithu, ndipo thupi langa silinakane. Koma ndi mankhwala ofuna munthu watcheru, makamaka amene akumwanso ena. Apa m'pamene pagona nkhani yanga.

Ena amalidziwa ndi dzina la Vytorin, ku Ulaya amati Inegy. Linavomerezedwa ku America mu 2004, ndipo masiku ano makampani ambiri amalipanga pongolemba mayina a mankhwala awiriwo. Ezetimibe amakhala 10 mg nthawi zonse, chimene chimasintha ndi simvastatin: 10, 20, 40 kapena 80 mg. N'chifukwa chake pabokosi pamalembedwa 10/20 kapena 10/40. Nambala yachiwiriyo muziidziwa pamtima, mudzaona chifukwa chake.

Ine ndinayamba ndi simvastatin yekha. Ndinachepetsa zamafuta, ndinkayenda tsiku ndi tsiku, koma magazi akayezedwa LDL ankangotsika pang'ono n'kuima. Kumtundu kwathu matenda a mtima alipo, ndiye adokotala sanafune kuti tizingodikira. Ndinawafunsa kuti bwanji osangowonjezera simvastatin yemweyo. Anandifotokozera kuti mlingo wa mankhwala a gulu la statin, momwe muli simvastatin, ukawirikizidwa kawiri, LDL amangotsikanso ndi pafupifupi 6 peresenti, pamene ngozi ya kuwonongeka kwa minofu imakula. Kuwonjezera ezetimibe kumatsitsa LDL ndi 20 peresenti kapena kuposerapo pamwamba pa zimene statin wachita kale.

Chifukwa chake n'chomveka. Kolesterolo amalowa m'magazi kudzera njira ziwiri. Wambiri amapangidwa ndi chiwindi chathu chomwe, ndipo simvastatin amafooketsa enzayimu (chinthu chofulumizitsa ntchito za m'thupi) yotchedwa HMG-CoA reductase imene chiwindi chimadalira pa ntchitoyi. Wina amayamwidwa m'matumbo aang'ono, ndipo si wochokera m'zakudya yekha ayi, mulinso wambiri wotuluka ndi ndulu amene thupi limamubweza. Ezetimibe amatseka khomo loyamwira limeneli, lotchedwa NPC1L1. Ukatsekereza chiwindi chokha, matumbo amayamba kuyamwa wochuluka. Ukatseka matumbo okha, chiwindi chimawonjezera kupanga. Zili ngati ndowa imene ikudzazidwa ndi mipopi iwiri, kutseka umodzi madzi amasefukirabe. Chiwindi chikaona kuti kolesterolo wachepa mbali zonse ziwiri, chimayamba kukoka LDL m'magazi, ndipo m'pamene nambala ija imatsika.

Kamwedwe n'kosavuta. Piritsi limodzi madzulo, kaya wadya kaya sunadye. Amati madzulo chifukwa chiwindi chimapanga kolesterolo wambiri usiku ndipo simvastatin sakhalitsa m'magazi. Ine ndimaliika pafupi ndi mswachi kuti ndisaiwale. Ukaiwala tsiku lina, sumwa awiri mawa lake.

Chimene munthu ayenera kuzolowera n'chakuti sumva kanthu. Kolesterolo akakwera sapweteka, akatsika suchira chilichonse chimene ungaloze ndi chala. Masabata oyamba m'mimba munkachita ngati mwadzaza mpweya ndipo nthawi zina ndinkatsegula pang'ono, koma zinatha zokha. Kupatula apo, umboni wonse uli papepala la ku labotale. Atandiyezanso, adokotala anaika mapepala awiri pambali, lakale ndi latsopano, n'kuzunguliza ndi cholembera mzere wa LDL. Kusiyana kwake kunali koonekeratu. Anayang'ananso mzere wa ALT, umene umasonyeza ngati chiwindi chikuvutika, ndipo unali bwino. Ndikuona kuti anthu ambiri amasiya mankhwala oterewa chifukwa chosaona phindu ndi maso, choncho pemphani kuti akuonetseni zotsatira zanu ndipo muzisunga.

Za minofu ndi zimene aliyense amafunsa. Nanenso inafika nthawi imene akatumba a m'miyendo ankawawa ndikadzuka m'mawa, ululu wosabaya koma wosachoka. Sindinasiye mankhwala pandekha, ndinapita kukanena. Anandiyeza magazi kuona CK, chinthu chimene chimachuluka m'magazi minofu ikamawonongeka, n'kuyezanso chithokomiro, pakuti chikafooka chimabweretsa ululu wofanana ndipo chimakulitsa ngozi ya statin. Zonse zinatuluka bwino, ndipo ululuwo unazimiririka ndikumwabe piritsi lomwelo. Sindine ndekha. Kafukufuku wa SAMSON amene anachitikira ku London n'kutuluka mu 2020 anatenga anthu 60 omwe anasiya statin chifukwa cha zowawa. Miyezi ina ankawapatsa statin, ina piritsi lopanda mankhwala, ina osamwa kanthu, iwo osadziwa kuti piritsi liti ndi liti. Anapeza kuti pafupifupi 90 peresenti ya zowawa zimene ankamva ndi statin ankazimvanso ndi piritsi lopanda mankhwala lija. Ululuwo ndi weniweni, koma si nthawi zonse pamene wolakwa amakhala mankhwalawo.

Komabe musatenge zimenezi ngati chilolezo chonyalanyaza. Pali vuto losowa koma loopsa lotchedwa rhabdomyolysis, pamene minofu imasweka ndipo zotuluka m'menemo zimakawononga impso. Zizindikiro zake ndi ululu waukulu wa minofu wopanda chifukwa, kufooka kolephera nako kukwera masitepe kapena kudzuka pampando, kutentha thupi, ndi mkodzo wakuda kapena wofiirira. Zikatero palibe zodikira kuti kuche, siyani piritsi ndipo thamangirani kuchipatala. Ngoziyi imakula kwa amene apitirira zaka 65, kwa amayi, kwa odwala impso, ndiponso mlingo ukakhala waukulu. Mu 2011 bungwe loona za mankhwala ku America la FDA linalamula kuti simvastatin wa 80 mg asamayambitsidwe kwa odwala atsopano chifukwa cha vuto lomweli. Maso kapena khungu likasanduka lachikasu, kapena kumtunda kwa mimba chakumanja kukamapweteka, nazonso n'zofuna dokotala msanga.

Tsopano pamene ndikuona kuti piritsili lili ndi chilema. Simvastatin amagayidwa m'chiwindi ndi enzayimu yotchedwa CYP3A4, ndipo mankhwala ambiri odziwika amaifooketsa. Ikafooka, simvastatin amaunjikana m'magazi, ndiye piritsi lomwe unalizolowera lija limasanduka ngati wamwa angapo. Zinandikhudza kawiri.

Koyamba, BP yanga itakwera anandiwonjezera amlodipine. Ndinali pa 10/40, ndipo nthawi yomweyo adokotala ananditsitsira pa 10/20, chifukwa womwa amlodipine sayenera kupitirira 20 mg ya simvastatin. Malire omwewo ali pa amiodarone, mankhwala a mtima, ndipo kwa omwa verapamil kapena diltiazem, a mtima ndi BP, malangizo a ku America amati asapitirire 10 mg. Taganizani kuchuluka kwa anthu amene ali ndi BP ndi kolesterolo pamodzi. Ngati dokotala wolemba amlodipine ndi wina ndipo sanaone nambala yachiwiri ija pabokosi lanu, palibe amene angagwire cholakwikacho kupatula inuyo kapena wa ku famase.

Kachiwiri ndinadwala chifuwa ndipo dokotala wina anandilembera clarithromycin, mankhwala opha mabakiteriya. Wa ku famase atatenga pepala anandifunsa kuti, "Pali mankhwala ena amene mukumwa masiku onse?" Nditatchula piritsili anaika pepala pansi, n'kuimbira foni dokotala uja, ndipo anandisinthira mankhwala ena. Clarithromycin ndi erythromycin saloledwa n'komwe kumwera limodzi ndi simvastatin. N'chimodzimodzi mankhwala a mafangasi monga itraconazole ndi ketoconazole, komanso gemfibrozil, ciclosporin ndi danazol. Amene ali pa ma ARV amvetse bwino apa: mankhwala okhala ndi ritonavir kapena cobicistat sayenderana ndi simvastatin ngakhale pang'ono, ndipo ritonavir yemweyo alinso mu Paxlovid, mankhwala a COVID-19. Si ma ARV onse amene ali choncho, koma wokuuzani ndi amene akudziwa mtundu umene mukumwa, ndiye musabise. Omwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, amafunika kuyezedwa magazi pafupipafupi poyamba, ndipo colchicine wa matenda a gout (otupitsa malo olumikizira mafupa) naye amakulitsa ngozi ya minofu. Chipatso cha grapefruit (manyumwa) ndi madzi ake zimafooketsa enzayimu yomweija, choncho ndinangozileka. Kuyambira tsiku la chifuwa lija ndimayenda ndi kapepala m'chikwama kolembapo mankhwala anga onse ndi milingo yake, ndipo ndimakatulutsa asanandifunse.

Funso limene linkandivutitsa poyamba linali lakuti, kodi kutsitsa nambala papepala kumateteza mtima zenizeni? Mbiri ya piritsili pankhaniyi siinayende mosalala. Mu 2008 kafukufuku wa ENHANCE, wa anthu 720 amene kolesterolo wokwera anachita kubadwa naye, anapeza kuti LDL anatsikadi kwambiri koma kuchindikala kwa makoma a mitsempha ya m'khosi sikunasiyane ndi kwa omwa simvastatin yekha. Madokotala ambiri anayamba kukayika. Yankho lomveka linabwera mu 2015 ndi IMPROVE-IT, kafukufuku wa anthu 18,144 amene anali atangodwala kumene mtima. Omwa mankhwala awiriwa LDL wawo anafika pafupifupi 54 mg/dL, omwa simvastatin yekha pafupifupi 70. Pakutha pa zaka 7, amene anakumana ndi vuto lalikulu la mtima kapena sitiroko anali 32.7 peresenti kwa omwa awiriwa, ndi 34.7 peresenti kwa enawo. Chiwerengero cha omwalira onse sichinasiyane. Ndinene mosabisa: phinduli si lalikulu, koma ndi lenileni, ndipo linabwera popanda kuchulukitsa mavuto a minofu, chiwindi kapena khansa. Kwa odwala impso, kafukufuku wa SHARP wa 2011 wa anthu 9,270 anaonetsa kuti 10/20 inachepetsa mavuto aakulu obwera ndi kutsekeka kwa mitsempha ndi 17 peresenti poyerekeza ndi piritsi lopanda mankhwala. Amene ngozi yake ya matenda a mtima ndi yaikulu ndiye amapindula kwambiri. Amene ngozi yake ndi yaing'ono ndi bwino akambirane ndi dokotala ngati akufunikiradi mankhwala awiri.

Pali ena amene piritsili si lawo. Mayi woyembekezera, amene akufuna kutenga pakati kapena woyamwitsa auze dokotala msanga, pakuti nthawi zambiri amamuimitsa. Amene chiwindi chake chikudwala sayenera kumwa, ndipo wokonda mowa kwambiri anene zoona asanayambe. Ma statin amakwezanso shuga pang'ono, moti amene ali kale m'malire amatha kupezeka ndi matenda a shuga. Ine ndimapempha kuti aziyeza shuga nthawi imene akuyeza kolesterolo. Ndipo piritsi sililowa m'malo mwa kadyedwe kabwino, kuyenda ndi kusiya fodya. Ukalisiya, pakangopita masabata ochepa LDL amabwerera pomwe anali.

Kodi ndingalimbikitse wina? Ngati statin yekha wakanika kufikitsa LDL pomwe adokotala akufuna, ndipo munthuyo samwa mankhwala ena ambiri, ndingamuuze kuti asaope. Kumeza piritsi limodzi m'malo mwa awiri kwandithandiza kuti ndisamadumphitse. Choipa chake n'chakuti mbali imodzi ikafuna kusintha, umasintha bokosi lonse, ndipo vuto likabwera n'kovuta kudziwa kuti labwera ndi uti mwa awiriwo. Kwa amene ali ndi mankhwala a BP, a mtima kapena ma ARV, ndikuona kuti simvastatin si statin woyenera kuyambira. Ezetimibe yemweyu amapezekanso wophatikizidwa ndi atorvastatin kapena rosuvastatin, onse awiri amphamvu kuposa simvastatin ndipo safuna kuti uzidikira madzulo, komanso rosuvastatin sadalira kwenikweni CYP3A4. Popeza amlodipine wandimangirira pa 20 mg, ndagwirizana ndi adokotala kuti LDL akadzayambanso kukwera, sitidzawonjezera simvastatin koma tidzasamukira ku imodzi mwa ziwirizo.