Baraka ya basiketi ku Ulongue, komwe amakuuzanso kuti kochiyo wachokera kuti

Amene mumakonda basiketi kuno ku Angonia, pali baraka ina pa Vila Ulongue chakumunsi kwa msika yomwe Loweruka ndi Lamulungu masana imaonetsa magemu a makoleji aku America. Sizoni ya 2024/25 yatha ndiye ndati ndilembeko mmene ndaonera malowa, chifukwa akuyenera kudziwika ndithu, komanso pali zina zofunika akonze isanayambe sizoni ina mu Novembala.

Magemu ambiri sitimaonera pompopompo ayi. Kum'mawa kwa America ali m'mbuyo ndi maola 7 poyerekeza ndi ife, ndiye gemu yoyamba 7 koloko madzulo kwawoko kuno imakhala 2 koloko usiku, palibe angatuluke nthawi imeneyo makamaka dzinja mvula ili pakati. Eni ake amasunga magemuwo mu dikoda n'kudzationetsa kumapeto kwa sabata. Polowa ndi 20 meticais, mutha kulipira pa M-Pesa kapena e-Mola, sikirini ndi yaikulu bwino ndipo magetsi akathima ali ndi jenereta yomwe imadzuka msanga. Chipisi chake n'chabwino, cha mbatatesi yakonkuno yokazinga pomwepo osati yogonera, Frozy amakhala wozizira, mowa amagulitsa gemu ikatha basi ndipo zimenezo ndagwirizana nazo chifukwa mumakhala ana asukulu ambiri.

Koma chimene chimandibwezera kumeneko si sikirini. Ndi bambo eni akewo. Ndi munthu wamkulu ndithu, anasewerapo basiketi ali mnyamata, ndipo gemu isanayambe amaima kutsogolo ndi rimoti m'manja n'kufotokoza mu Chichewa kuti matimu awa ndi ati, kochi wake ndani, anadutsa kuti kuti afike pamenepa. Sizoni yonseyi anasankha kutsatira timu imodzi, ya Kentucky, chifukwa inali ndi kochi watsopano Mark Pope, ndipo anati kuti mumvetse basiketi yapakoleji muzitsatira kochi, osewera amabwera n'kupita chaka ndi chaka. Ine ndikuwavomereza kwambiri pamenepo.

Mbiri ya Pope ndi yoti munthu ukaimva umaonera gemu mosiyana. Anabadwa mu 1972, ndi wamtali mamita 2.08, anayamba kusewera ku University of Washington kenako anasamukira ku Kentucky komweko, ndipo anali mmodzi wa makapiteni a timu yomwe inatenga chikho cha makoleji onse aku America mu 1996 pansi pa kochi Rick Pitino. Chaka chomwecho Indiana Pacers, timu ya mu NBA yomwe ndi ligi yaikulu yaku America, inamusankha pa nambala 52 posankha osewera atsopano, anaseweranso ku Turkey, ku Milwaukee Bucks ndi ku Denver Nuggets. Sanali katswiri wotchuka ku NBA, nthawi zambiri anali wa pa benchi, ndipo bambowa amabwereza mfundo imeneyi kuti wokhala pa benchi amamva zonse zimene kochi akulankhula pomwe ali m'bwalo akungothamanga. Atasiya kusewera anakalowa sukulu ya udokotala ku Columbia University ku New York, imodzi mwa sukulu zovuta kulowa ku America konse, ndiye mu 2009 ali pafupi kumaliza anaisiya n'kupita ku Georgia kukagwira ntchito yapansi mu timu ya kochi Mark Fox, ntchito yokonza maulendo ndi mapulogalamu, sanali ngakhale wothandizira kochi weniweni.

Apa mpomwe baraka inagawanika tsiku limenelo. Achikulire ena anapukusa mitu kuti mwana wanga atasiya udokotala chifukwa cha mpira sindingamulankhule, anyamata akuti munthu azitsata chimene mtima wake ukufuna, mkangano unatenga nthawi mpaka gemu inachedwa kuyamba. Ine chimene chinandigwira n'choti munthu wa chikho cha 1996 komanso wa NBA anavomera kuyambira pansi penipeni ali ndi zaka pafupifupi 37, ali ndi mkazi ndi ana. Kuno tili ndi osewera akale ambiri, a mpira wamiyendo ndi a basiketi omwe, amene amafuna tsiku loyamba apatsidwe timu yaikulu chifukwa dzina lawo linamvekapo, kunyamula mipira ndi kulemba mayina a ana sakufuna.

Kuchoka ku Georgia anakhala wothandizira ku Wake Forest chaka chimodzi, kenako ku koleji ya Brigham Young University (BYU) kuyambira 2011 mpaka 2015 pansi pa Dave Rose. Timu yake yoyamba ngati kochi wamkulu inali Utah Valley, koleji yosatchuka pa basiketi, sizoni yoyamba anapambana magemu 12 n'kuluza 18, sizoni yachinayi anapambana 25 n'kuluza 10. Mu 2019 anabwerera ku BYU ali wamkulu tsopano, anakhalako zaka zisanu, anapambana 110 n'kuluza 52. Koma panali chilema chimodzi chomwe aliyense amachiloza. Mu mpikisano waukulu wa mu Malichi, uja wa matimu 68 woti ukaluza kamodzi wapita kwanu, anali asanapambaneko gemu ngakhale imodzi. Mu 2021 anagonja kwa UCLA, mu 2024 kwa Duquesne. Timu yake ya 2020 yomwe inali yamphamvu zedi mpaka kugonjetsa Gonzaga sinapeze mwayi chifukwa mpikisano unathetsedwa ndi Covid.

Ndiye tangoganizani, Kentucky ili ndi zikho 8 za dziko, John Calipari amene anakhalako zaka 15 n'kutenga chikho cha 2012 wangochoka kupita ku Arkansas mu Epulo 2024, masapota akuyembekezera dzina lalikulu ngati Scott Drew wa Baylor kapena Dan Hurley wa UConn, onsewo osabwera, kenako akumva kuti ndi Pope. Ambiri anakwiya. Bambowa anationetsa kavidiyo ka tsiku lomwe anamuonetsa kwa anthu ku Rupp Arena, bwalo lolowa anthu oposa 20,000 litadzaza pomwe kulibe gemu iliyonse, iye akutsika mu basi pamodzi ndi osewera akale a timuyo atanyamula chikho cha 1996. Kavidiyo kameneko anakabwereza chifukwa anyamata anapempha, ndipo sindinaone wina akudandaula.

Ntchito yomwe anaipeza inali yolemetsa, osewera a Calipari onse odalirika anali atachoka, ena kupita ku NBA ena kutsatira kochi wawo ku Arkansas, zinali ngati kupatsidwa munda mvula itagwa kale mbewu ulibe. Anatolera anthu kuchokera m'makoleji osiyanasiyana, Lamont Butler ku San Diego State, Otega Oweh ku Oklahoma, Andrew Carr ku Wake Forest, Koby Brea ku Dayton, Amari Williams ku Drexel, ndi Jaxson Robinson yemwe anali naye kale ku BYU. Ambiri akuluakulu odziwa kale mpira wapakoleji, kusiyana ndi Calipari yemwe ankakonda ana ongochoka ku sekondale osewera chaka chimodzi n'kupita.

Apa ndi pomwe ntchito ya bambowa imaoneka phindu lake. Amaimitsa gemu pang'ono n'kukuonetsa kuti taonani, wamtali uja Williams sakuima pansi pa basiketi, ali kumtunda akugawa mapasi, anzake akuthamanga momuzungulira kufuna mpata woponya ya mapointi atatu, ndi mmene Pope ankaseweretsera BYU. Amafotokozanso malamulo kwa ozolowera basiketi yathu ya FIBA, bungwe la basiketi padziko lonse, kuti amuna apakoleji amasewera mahafu awiri a mphindi 20 osati magawo anayi a mphindi 10, ndipo nthawi yoti uponye ndi masekondi 30 osati 24. Mwana wa kilasi 9 amatuluka m'menemo akudziwa chifukwa chake timu ikuchita zimene ikuchita, pomwe m'mabaraka ena timangokuwa mpira ukalowa basi.

Gemu yomwe sindidzaiwala ndi ya Duke ya mu Novembala 2024 ku Atlanta. Duke inali ndi Cooper Flagg yemwe aliyense amati ndiye wabwino kuposa onse chaka chimenecho, komanso Khaman Maluach waku South Sudan amene anadutsira ku NBA Academy Africa ku Senegal, ndiye theka la baraka linali mbali ya Duke chifukwa cha mwana wa mu Africa ameneyu. Kentucky inali kumbuyo pa hafu, inabwerera pang'onopang'ono, kumapeto Flagg anataya mpira kawiri m'masekondi omaliza ndipo inatha 77 kwa 72. Bambowa anangoti mwaona, akuluakulu aja sananjenjemere, ndi zimene kochi ankagula. Mu Malichi chilema chija chinachoka, anagonjetsa Troy kenako Illinois, n'kudzagwa kwa Tennessee pa matimu 16 otsala. Sizoni yonse 24 kupambana 12 kuluza, osewera ofunika ngati Butler ndi Robinson atavutika ndi kuvulala. Ena mu baraka amati kwa Kentucky zimenezo n'zochepa. Ine ndimati kwa munthu amene anayamba wopanda timu wachita zazikulu, koma difensi yake inali yofooka m'magemu ena ndipo bambowa samafuna kuivomera mfundo imeneyi, amamukonda kwambiri kochiyu mpaka nthawi zina amamuikira kumbuyo pa zinthu zooneka ndi maso.

Tsopano zofunika kukonza. Choyamba ndi sipika, ndi yaing'ono ndipo denga ndi lamalata opanda siling'i, mvula ikangoyamba simumva kanthu, ngakhale mawu a bambowa amene. Sizoni ya basiketi yapakoleji imagwera m'dzinja lathu lenileni ndiye vutoli ndi la pafupifupi sabata iliyonse. Chachiwiri mabenchi alibe poyedzamira, gemu yoimitsaimitsa imatha maola oposa awiri, msana umamva. Chachitatu chimandipweteka kwambiri, pali anyamata ena amabwera ataona kale zigoli pa foni n'kumazitchula mokweza gemu ili pakati, eni ake amangoseka. Ameneyo azitulutsidwa, tonse talipira kuti tione tokha. Ndiponso tsiku lomwe Benfica kapena Sporting ikusewera molawirira, kapena gemu yaikulu yaku England, basiketi imadulidwa popanda kutiuza, anthu ena achokera ku Domue pa njinga yamoto n'kupeza asintha. Ndikumvetsa kuti mpira wamiyendo ndi umene umabweretsa ndalama, koma kulemba pa bolodi panja Lachisanu kuti mawa kuli chakuti sikufuna ndalama iliyonse. Chimbudzi chilipo koma madzi osamba m'manja amasowa kawirikawiri pomwe anthu akudya chipisi.

Nkhani ina yomwe ndawauza kale bambowa pamaso, ndikuibwereza pano. Atsikana sabwera, ukapeza awiri ndiye kuti tsiku labwino, ndipo magemu a akazi saonetsa n'komwe. Zimenezi m'dziko la Mozambique sizikumveka. Basiketi ya akazi ndi imene yatikweza ife, timu yathu inafika fainolo ya AfroBasket ku Maputo mu 2013 n'kukasewera mpikisano wa dziko lonse ku Turkey mu 2014. Clarisse Machanguana wa kuno ku Mozambique anasewera basiketi yapakoleji yomweyi ku Old Dominion, anafika fainolo ya 1997 komwe anagonja kwa Tennessee, kenako analowa WNBA, ligi yaikulu ya akazi ku America. Mtsikana wa ku Ulongue kapena ku Tsangano akuyenera kumva mbiri imeneyo kuchokera kwa munthu wodziwa kufotokoza ngati bambowa, m'chilankhulo chake. Akanakonza Lamulungu limodzi pa mwezi la magemu a akazi, nthawi yoti makolo alole ana awo, mowa osatulutsa tsiku limenelo, ndikutsimikiza mabenchi angadzaze. Anandiyankha kuti mwana wanga ndamva, tiona sizoni ikubwerayi, ndiye ndikudikira ndione.

Panopa pomwe makoleji ali pa tchuthi akuonetsa magemu a NBA ndi a BAL, ligi ya makalabu a mu Africa, ndipo akuti nthawi zina azibwereza magemu akale a Ferroviário da Beira a mu BAL kuti ana aone kuti anthu akwathu amafikako. Ngati mukupita koyamba fikani isanakwane 2 koloko kuti mupeze benchi lakutsogolo pafupi ndi bambowa, kumbuyo mawu awo samveka bwino, ndipo mbali ya pakhomo kuwala kumagunda sikirini. Ana asukulu ovala yunifomu kapena oonetsa khadi amalipira theka.