Dial-up yakale ija: kulandira imelo bwinobwino, kutumiza ndiye nkhondo

Intaneti ya dial-up, yodzera pa waya wa foni, ndaipatsa nyenyezi 3 pa 5. Timaigwiritsa ntchito pa kaofesi ka sosaiti yathu ya maliro ku Highfield mu Harare, layini ya landline, kompyuta ya Windows XP, pulogalamu ya imelo ya Outlook Express. Musaseke aise, madala a komiti akukana kusintha adiresi ya imelo poti abale ku Mangochi ndi ku Blantyre amadziwa yomweyi basi.

Kulandira ilibe vuto, modemu ikangomaliza kulira kuja maimelo amagwa okha. Koma kutumiza eee, kalata imangokhala mu Outbox kenako kabokosi kofiira, 550 relaying denied, nambala yake 0x800CCC79. Ndiye tangoganizani ndi uthenga wa maliro, anthu kumudzi akudikira kuti amve thupi linyamuka liti. Nditaimba kukampani yotipatsa intaneti mtsikana woyankha anangoti zimitsani kompyuta muyatsenso, kenako akuti mwina pasiwedi ndi yolakwika, ine nkumati achemwali pasiwedi yolakwika ikulandira bwanji makalata? Ziii. Komanso muziwerengera kuti ukamaimba foni intaneti umakhala wadula, layini ndi imodzi, ndiye sungayese zimene akukuuzazo uli nawo pafoni.

Amene anandithandiza ndi bambo wina wachikulire pa ofesi yawo mtauni, anangoona pepala lomwe ndinakoperapo uthenga uja nkuseka. Akuti kulandira ndi kutumiza ndi maseva awiri osiyana, POP3 pa port (khomo lolowera pa seva) 110 ndi yolandira, SMTP ndi yotumiza, ndipo iwowo anasiya kulola kutumiza pa port 25 popanda dzina ndi pasiwedi chifukwa cha anthu otumiza spam koma makasitomala akale sanatiuze, apa ndiye pandinyansa. Mankhwala ake: mu Outlook Express pitani pa Tools, Accounts, Properties, pa Servers chongani My server requires authentication, pa Advanced chotsani 25 mulembe 587. Dzina lolowera mulembe adiresi yonse mpaka kumapeto osati kachidutswa koyambirira kokha. Nditafika ku ofesi nkusintha zimenezi, makalata onse anatuluka kamodzinkamodzi.

Vuto lina latsala ndi la zithunzi, ili ndiye silichoka. Modemu amailemba 56k koma imeneyo ndi yotsitsa, pokweza siipyola 33.6k, komanso fayilo ikamatidwa pa imelo imafufuma pafupifupi gawo limodzi mwa atatu. Chithunzi cha 2MB cha pafoni chimadya mphindi zoposa 10, pakatikati seva yatopa yadula, 0x800CCC0F, muyambirenso. Pa Advanced pomwepo kokerani Server Timeouts mpaka 5 minutes, ndipo zithunzi muzichepetsa kaye. Kalata yaikulu ikakakamira mu Outbox imatsekereza zinzake zonse kumbuyo ngati kombi yofera pamphambano, ichotseni kaye zinazo zidutse. Antivirus yosecha maimelo otuluka nayonso imadulitsa, ife tinaizimitsa mbali imeneyo.

Nthawi ya mvula layini imachita phokoso, mukanyamula foni mukumva kuti tchetchetche dziwani kuti lero palibe chotuluka, limenelo ndi vuto la waya osati masetingi. Za Gmail pa Outlook Express musavutike nazo, Google inatseka zolowa ndi pasiwedi wamba pa mapulogalamu akale mu 2022.

Kwa munthu wongotumiza makalata a mawu okhaokha ikugwirabe. Ma scan a ziphaso ndi mapasipoti ife timatumizira pa WhatsApp ya mlembi.