Dothi la m'matumba: lothandiza agogo olima m'zidebe ku Joni

Kwa agogo opuma pantchito amene akukhala kwa ana ku Johannesburg, koma mtima uli kudimba, dothi la m'matumba a malita 30 la m'masitolo a mbewu ndi lothandizadi. Thumba limodzi limadzaza chidebe cha malita 20 n'kutsalako. Ndi lopepuka, msana suvutika.

Koma palokha silikwanira. Lambiri ndi makungwa a paini owoletsedwa, choncho limauma msanga, chonde chimathanso pakangopita masabata ochepa, masamba n'kuyamba chikasu. Sakanizani magawo awiri a dothili ndi gawo limodzi la manyowa owolerana bwino. Boolani mabowo 6 pansi pa chidebe, apo ayi mizu imawola. Bonongwe fesani mu Okutobala, chifukwa chisanu cha Juni kuno chimamupsereza. Koma mpiru umapirira chisanuchi.