Sinki ya mkuwa ndingagulenso, koma kauntala ayi

Patha zaka ziwiri chiikireni sinki ya mkuwa m'khitchini mwanga, pamodzi ndi kauntala ya mkuwa kuyambira pasinkipo kukafika pachitofu. Sinkiyo ndimaikonda ndi mtima wonse. Kauntalayo ndikadangoisiya.

Tsiku loyamba zonse zinkawala psuu, zofiirira mokoma. Pasanathe miyezi iwiri sinki inayamba kuderapo, poyamba m'makona, kenako pansi ponse, mpaka inakhala yodera ngati khofi. Mkuwa suchita dzimbiri lodya chitsulo. Ukakumana ndi mpweya ndi madzi umangovala khungu lake lomwe amati patina, ndipo khungu limeneli ndi lomwe limauteteza. Tsiku lina ndinaiwala kachidutswa ka ndimu m'sinki usiku wonse, m'mawa ndinapeza banga lowala mbee pomwe kanagona. Mtima unandipweteka. Koma patangotha masabata ochepa banga lija linaderanso lokha, moti lero sindingaloze pomwe linali. Viniga ndi madzi a tomato amachitanso chimodzimodzi, chifukwa asidi amachotsa khungulo.

M'sinki zimenezi sizidetsa nkhawa. Yanga ndi yosulidwa ndi nyundo, ngati zomwe amapanga amisiri a ku Santa Clara del Cobre m'dziko la Mexico, ndiye timaenje ta nyundoto timabisa mabanga ndi mokandika monse. Pogula ndinalimbikira kuti ikhale ya geji 16 (geji ndi muyeso wa kuchindikala kwa mkuwa), chifukwa nambala ikachepa ndiye kuti mkuwawo ndi wochindikala. Ya geji 18 ndi yopyapyala, imalira kwambiri madzi akamagwerapo, siichedwanso kupindika. Funsaninso ngati molumikizamo anawotcherera ndi mkuwa weniweni, chifukwa mtovu wowotcherera umadzaoneka mzere wotuwa pakapita nthawi.

Kauntala ndiye nkhani ina. Ndi yosalala, ndipo mkuwa ndi wofewa, chilichonse chimasiya chizindikiro. Mpeni unaterereka kamodzi pathabwa lodulira, mzere wake ulipo mpaka lero. Poto wolemera anandipulumuka m'manja, pamenepo panalowa m'kati. Kapu yonyowa ikakhalitsa imasiya mkombero, poto wotentha amasintha mtundu wa pomwe watera. Anthu ena amasangalala nazo zimenezi, amati khitchini ikuoneka kuti mumaphikidwa. Ine pomwe ndimakandira ufa wa buledi ndimafuna paoneke paukhondo ndikangopukuta, koma apa ngakhale ndipukute chotani pamaoneka mawangamawanga.

Amene anandiikira anandifunsa ngati apakepo vanishi kuti mtundu usasinthe. Ndinakana, ndipo sindinong'oneza bondo. Mu 2008 bungwe la boma la America loteteza chilengedwe, lotchedwa EPA, linavomereza kuti mkuwa umapha mabakiteriya ena oposa 99.9 peresenti m'maola awiri, kuphatikizapo E. coli O157:H7, yemwe amayambitsa matenda otsekula m'mimba. Koma mphamvu imeneyi imagwira ntchito pokhapokha tizilomboto tikakhudza mkuwa weniweniwo. Ukaumata ndi vanishi watsekereza, ndipo vanishiyo m'khitchini amadzayamba kusupuka malo ndi malo. Ngakhale zili choncho, ndikadulira nyama ndimatsukabe ndi sopo. Maola awiri ndi ambiri pamene ana akubwera kudzagwira pomwepo.

Kusamala kwake si kovuta. Sopo wotsukira mbale, kansalu kofewa, n'kupukuta kuti paume, makamaka ngati madzi anu amasiya zoyera m'ketulo. Klorini ndi kawaya kokwechera mapoto zisayandikire. Kamodzi pa mwezi ndimapaka phula la njuchi, madzi n'kumangoterereka.

Mchemwali wanga akumanga nyumba, ndipo anabwera kudzaona asanasankhe. Ndinamuuza kuti atenge sinki yosula ya mkuwa, koma kauntala ayike ya mwala. Ngati mkuwa wamukola mtima, auike pakhoma kuseri kwa mpope, pomwe mpeni ndi poto sizifika.